Kumata Dzino Kapena Kucotsa Mtsempha Wace

Mau awa analankhulidwa ndi mmodzi wa anyamata a Ofesi Yofalitsa Nkhani pa msonkhano wa aphunzitsi ndi akulu a midzi. Tawasindikiza kuti amene sanafike awerenge nao.

 Nkhani imene ndatumidwa nayo lero ndi ya dzino lobooka. Sindikhulupirira kuti pano pali munthu amene sanaonepo mbale wace atamanga nsalu m'masaya, akubuula usiku wonse, osatha kumeza ngakhale phala. Ambiri a ife dzino likamawawa timadziwa mankhwala amodzi okha, ndiwo kuzula. Koma kucipatala kuli njira zina ziwiri zimene dzino lingapulumuke nazo. Yoyamba ndiyo kumata mphako ya dzino. Yaciwiri ndiyo kucotsa mtsempha wa m'kati mwa dzino ndi kutseka mizu yace, nchito imene adotolo amaicha root canal m'Cingerezi.

Anthu amene anamvapo za njira ziwirizi amafunsa kuti, Kodi yabwino ndi iti? Ena amayesa kuti ziri monga nsalu ziwiri m'sitolo, ina yochipa ina yodula, ndipo kuti dotolo akachula yodulayo ndiye kuti wayang'ana m'thumba mwao. Si tero ai. Cimene cimasankha njira ndi kuya kwa mphako pa tsiku limene mwafika kucipatala. Mukafika msanga, dzino limatidwa. Mukacedwa, kumata sikuthekanso, ngakhale mutacondelera motani. Kuti izi zimveke bwino, ndiyambe ndafotokoza mamangidwe a dzino.

Munthu wamkulu amakhala ndi mano 32, ndipo mwana amayamba ndi mano 20 a ubwana. Dzino liri lonse liri ndi magawo atatu. Kunja kuli cigoba coyera cija timaciona munthu akamaseka. M'thupi lonse mulibe cinthu cina colimba koposa cigoba cimeneci, ngakhale pfupa, ndipo ciribe mtsempha, cifukwa cace cikayamba kudyeka simumva kanthu. Pansi pa cigobaco pali gawo lacikasu pang'ono, lofewerapo, limene ndilo thunthu la dzino. Alenje akale akadalizindikira, pakuti mnyanga wa njobvu ndi wa mtundu womwewo. Gawo limeneli liri ndi timipata tambirimbiri tosaoneka ndi maso, toloza m'kati, ndipo kuzizira kwa madzi kumadzera m'menemo kuti mukumve. Pakati peni peni pali kacipinda, ndipo m'kacipindamo muli kamnofu kofewa kokhala ndi magazi ndi mitsempha yomvera ululu. Kamnofu kameneka ndiko tikukacha mtsempha wa dzino. Kamatsika m'tinjira topapatiza ta m'mizu kufikira ku pfupa la nsagwada.

Nanga cimaboola cinthu colimba cotere nciani? M'midzi yambiri mumamveka mau akuti m'dzino mwalowa kamphutsi. Tisaseke amene amanena cotero, pakuti anthu a ku Babulo analemba za mphutsi ya m'dzino pa mapale a dothi zaka zikwi zapitazo, ndipo a ku Ulaya nao anakhulupirira zomwezo nthawi yaitali. Koma mphutsiyo palibe anaipeza. M'caka ca 1890 dotolo wa mano wa ku America, dzina lace W. D. Miller, amene ankagwira nchito ku Berlin, anasindikiza buku loonetsa kuti oboola dzino ndi tizirombo tating'onoting'ono timene timakhala m'kamwa mwa munthu ali yense. Mukakanda dzino ndi cikhadabo m'mamawa musanatsuke m'kamwa, mudzaona litsiro loyera lofewa. M'menemo ndimo mudzi wa tiziromboto. Timadya shuga amene watsalira m'kamwa, ndipo timatulutsa madzi owawasa ochedwa asidi, amene amasungunula cigoba ca dzino pang'ono pang'ono. Nthenda imeneyi si ya kuno kokha. Bungwe la za umoyo la WHO linalengeza m'caka ca 2022 kuti anthu ngati mamiliyoni 2,000 pa dziko lonse ali ndi mano a ukulu obooka.

Pano pali cinthu cimene ndifuna amai acimvetse. Munthu akadya cotsekemera, asidi amagwira nchito pa dzino ngati theka la ora kapena kupitirira, kenaka malobvu amatsuka m'kamwa nabwezera pa dzino zina zimene zinasungunuka. Tsono mwana amene wadya maswiti asanu pamodzi atangotha nsima, mano ace azunzika kamodzi. Koma mnzace amene wadya switi limodzi popita ku sukulu, lina pa nthawi yopuma, lina potuluka, lina madzulo, mano ace alibe nthawi yocira tsiku lonse. Usiku malobvu amacepa, cifukwa cace tiyi wa shuga wambiri kapena cakumwa ca m'botolo pa nthawi yogona cimaononga koposa ca masana. Ciyambi ca kuola ndi kabanga koyera ngati coko, kawiri kawiri pafupi ndi nkhama. Kabanga kotere kangathe kulimbanso ngati munthu atsuka mano ndi mankhwala okhala ndi fluoride. Koma pakacitika ciboo, dzino silidzitseka lokha monga cimacitira cironda ca pamwendo.

Mphako ikapyola cigoba ndi kulowa m'gawo lacikasu lija, dzino limayamba kudandaula. Mukamwa madzi ozizira a mumtsuko limabaya, mukatafunira nzimbe mbali imeneyo limabaya, koma ululuwo umatha msanga cinthuco cikacoka. Nyama kapena ndiwo zamasamba zimakanirira pa malo amodzi tsiku ndi tsiku, ndipo mumayamba kuyenda ndi kamtengo ka macesi kotokosera. Usiku mumagona bwino lomwe. Imeneyi ndiyo nyengo ya kumata. Cacisoni ncakuti ndiyonso nyengo imene munthu safuna kutaya tsiku la kumunda cifukwa ca dzino. Amangoti, Likapweteka kwenikweni ndidzapita.

Kumata ndi nchito yaifupi, ya theka la ora kapena kuposerapo pang'ono, ndipo imatha tsiku limodzi. Dotolo amabaya jekeseni wa dzanzi m'nkhama ngati mphako iri yakuya, amapala zoola zonse ndi kamakina kozungulira, natseka ciboo ndi comatira colimba. Amene mumaopa ululu cifukwa ca nkhani za akuluakulu, dziwani kuti mankhwala a dzanzi ochedwa lidocaine, amene anapangidwa ku Sweden m'caka ca 1943, anasintha nchito imeneyi kotheratu. Zomatira ziripo za mitundu ingapo. Cakale ndi cija cooneka ngati citsulo, cosakaniza siliva, tini, mkuwa ndi mekyule. Ncolimba ndipo cimakhala zaka zambiri, koma m'caka ca 2013 maiko anapangana, m'pangano lochedwa Minamata, kuti acepetse kucigwiritsa nchito cifukwa mekyule amaononga madzi ndi nthaka. Amene muli naco kale m'kamwa, ngati ciri bwino, musabvutike kukacicotsa. Cina ndi coyera ngati dzino lomwe, cimene amaciumitsa ndi kanyali ka buluu. Cimaoneka bwino pa mano a kutsogolo, koma cimafuna kuti dzino likhale louma ndithu pomata. Palibe comatira cimene cimakhala muyaya. Cikathothoka kapena kusweka, bwererani msanga.

Pali comatira cacitatu cimene ife a kumudzi tiyenera kucidziwa koposa zinazo. Dzina lace ndi glass ionomer. Cimagwira pa dzino cokha, ndipo cimatulutsa fluoride pang'ono pang'ono m'mbali mwa mphako. Pakati pa zaka za m'ma 1980 dotolo wina wa ku Netherlands, Jo Frencken, anali kugwira nchito ku Tanzania kumene makina ndi magetsi zinali zosowa. Iye anayamba kupala zoola ndi tizitsulo ta m'manja tonga timasupuni, osagwiritsa makina konse. Njirayo, imene imachedwa ART, inayesedwa pambuyo pace ku Thailand ndiponso pa ana a sukulu ku Zimbabwe, ndipo m'caka ca 1994 bungwe la WHO linaionetsa kwa maiko onse. Ndi njira imeneyi wa nchito ya mano angathe kumata dzino la mwana pa benchi ya sukulu kumene kulibe magetsi, kawiri kawiri popanda jekeseni. Koma imveni bwino: imathandiza pa mphako yaing'ono. Dzino likagumuka mbali ziwiri kapena zitatu, njira imeneyi siiligwira nthawi yaitali.

Tsopano tione za munthu uja anati adzapita likapweteka kwenikweni. Tizirombo tikayandikira kacipinda ka pakati, mtsempha umatupa. Cala cikatupa cimapeza malo, pakuti khungu limatamuka. Koma mtsempha wa dzino uli m'cipinda ca makoma olimba, ndipo ulibe kotupira. Ndico cifukwa cace ululu wa dzino umagonjetsa amuna amene sanalirepo ndi nkhwangwa. Ululu umenewu ndi wosiyana ndi woyamba uja. Umabwera wokha osadya kanthu. Mukamwa tiyi wotentha kapena madzi ozizira sukutha msanga, umakhalabe nthawi yaitali. Umagunda monga ng'oma, umakwera ku khutu ndi ku mutu, ndipo umakula munthu akagona pansi, kotero kuti amacezera atakhala tsonga. Mtsempha ukafika pamenepa sucira ai. Alipo odwala amene amakwiya dotolo akakana kuwamata, nayesa kuti wawamana. Koma kumata dzino lotere kuli monga kutseka cithupsa ndi phula. Zoipa ziri m'kati zimasowa potulukira, ndipo ululu umabwera woposa kale. Pofuna kudziwa pamene nthenda yafika, dotolo amafunsa za ululuwo, amaika kanthu kozizira pa dzino, amaligogoda, ndipo kumene kuli makina amalijambula. Cifukwa cace mukafunsidwa fotokozani zoona zokha zokha, pakuti mau anu ndiwo amamtsogolera. Nthawi zina, mphako ikayandikira mtsempha koma zizindikiro ziri zosakanizika, amaikamo mankhwala ndi kutseka kwa kanthawi kuti aone ngati mtsempha upulumuka.

Cimene cimanyenga anthu ambiri ndi ici. Patapita masiku kapena masabata, ululu uja ungathe kuleka wokha. Munthu amakondwa nati, Mankhwala amene ndinaika aja andiciritsa. Cacitika ncakuti mtsempha wafa, ndipo cakufa sicimva kuwawa. Kamnofu kakufako kamaolera m'kati, tizirombo timatsika ndi mizu, ndipo mafinya amasonkhana m'pfupa ku nsonga ya muzu. Pamenepo dzino limayamba kumveka lalitali koposa anzace, limapweteka mukaluma, nthawi zina limada. Ena amatuluka kacithupsa pa nkhama kamene kamaphulika ndi kubweranso miyezi yambiri, ndipo m'kamwa mumatuluka pfungo. Ena tsaya limatupa usiku umodzi.

Dzino la mtsempha wotupa kapena wakufa liri ndi njira ziwiri zokha: kucotsa mtsempha kapena kuzula. Kucotsa mtsempha kumacitika motere. Atajambula dzino ndi kubaya jekeseni wa dzanzi, dotolo amalichinga ndi kansalu ka mphira kuti malobvu asalowemo, naboola pamwamba kufikira m'kacipinda kaja. Kenaka amalowetsa tizitsulo toonda ngati singano m'tinjira ta m'mizu, napala ndi kutulutsa zonse zakufa. Amatsukamo kambirimbiri ndi mankhwala opha tizirombo, a mtundu umodzi ndi Jik wocapira uja; koma wina asamve molakwa nakadzithira Jik m'dzino kunyumba, pakuti angaoche m'kamwa koopsa. Tinjirato tikayera ndi kuuma amatidzaza ndi timitengo tofewa ta gutta-percha, utomoni wa mtengo wina wa ku Malaysia umene adotolo akhala akuugwiritsa nchito imeneyi zaka zoposa 150. Potsiriza amamata pamwamba. Mwaona kuti kumata kulipobe pa mapeto. Kucotsa mtsempha ndi nchito yoonjezera imene kucedwa kwabweretsa.

Kubvuta kwa nchitoyi kumasiyana ndi dzino lace. Dzino la kutsogolo la m'mwamba liri ndi muzu umodzi ndi kanjira kamodzi koongoka. Dzino lalikulu lotafunira la pansi liri ndi mizu iwiri ndi tinjira titatu kapena tinai, ndipo la m'mwamba liri ndi mizu itatu, ina yokhota. Cifukwa cace ulendo umodzi ungatenge ora lathunthu kapena kuposa, ndipo kawiri kawiri pamafunika maulendo awiri kapena atatu. Dzino lotafunira likatha kukonzedwa limakhala litataya thunthu lace lambiri, ndipo lingang'ambike ndi cimanga cokazinga. Ndico cifukwa cace adotolo amalangiza kulibveka cisoti colimba, cimenenso cimafuna ndalama zace. Nchitoyi ikacitika bwino, pa mano 10 ali onse, 8 kapena 9 amakhalabe m'kamwa ndi kutafuna zaka zambiri.

Koma tinene poyera za kwathu kuno. Nchito ya kucotsa mtsempha imafuna makina ojambulira, magetsi, zipangizo ndi munthu wophunzira, ndipo imapezeka makamaka m'mizinda, m'zipatala zazikulu ndi m'zipatala zolipira. Adotolo a mano ngocepa m'dziko muno. Kufikira caka ca 2019 wofuna digiri ya nchito imeneyi ankayenera kukaphunzira kunja. M'caka cimeneco maphunzirowo anayamba ku College of Medicine ku Blantyre mothandizana ndi University of Glasgow ya ku Scotland, ndipo tsopano ali m'manja mwa Kamuzu University of Health Sciences. M'zipatala za m'maboma, amene amathandiza anthu ambiri ndi a nchito ya mano ophunzitsidwa ku Malawi College of Health Sciences ku Lilongwe. Tsono amene walangizidwa kucotsa mtsempha afunse dotolo mafunso atatu asanakhale pa mpando: maulendo adzakhala angati, ndalama zonse pamodzi ndi cisoti zidzakhala zingati, ndipo dzinolo latsala ndi makoma okwanira kodi. Awerengerenso ndalama za basi ndi kogona. Ndanena izi cifukwa alipo amene amapita ulendo woyamba, ululu nutha, osabwereranso. Cotsekera ca kanthawi cimathothoka, tizirombo timadzazanso m'mizu, ndipo mapeto ace dzino lizulidwa ndalama zitapita kale.

M'kuganiza kwanga, munthu amene sangathe kutsiriza maulendowo acita bwino kuzulitsa, ndipo asacite manyazi. Kuzula kocitidwa kucipatala ndi mankhwala eni eni, ndipo kumaposa kutali kusunga dzino la mafinya m'kamwa. Komabe kuli ndi mtengo wace umene umalipidwa pambuyo. Mano oyandikana ndi mpatawo amapendekera m'menemo, la pamwamba pace limatsika posowa lokumana nalo, zakudya zimakanirira, ndipo munthu amayamba kutafunira mbali imodzi. Wozulitsa limodzi caka cino, lina caka ca mawa, adzafika pa ukalamba akulephera nyama ndi cinangwa coocha. Kwa mnyamata kapena mtsikana amene dzino lace la kutsogolo labvulala kapena kuola, ine ndinganene kuti abale asonkhe ndalama za ulendo wa ku mzinda, pakuti dzino limenelo ndilo losabvuta kulikonza ndipo adzakhala nalo pamaso pa anthu moyo wace wonse.

Pali nthawi imene nkhani ya kusankha imatha. Ngati kutupa kwatsikira pansi pa cibwano ndi m'khosi, ngati munthu akulephera kuyasamula, kumeza malobvu kapena kupuma, ngati diso layamba kutsekeka, kapena thupi latentha kwambiri, mnyamuleni nthawi yomweyo, ngakhale pakati pa usiku. Dotolo wa ku Germany, Wilhelm von Ludwig, anafotokoza m'caka ca 1836 za kutupa kotere kwa pansi pa lirime, ndipo kufikira lero kumapha anthu mwa kutseka njira ya mpweya. Odwala nthenda ya shuga ndi amene thupi lao liri lofooka ndi nthenda zina acenjere koposa. Amai oyembekezera asaope kupita. Auze dotolo za pakati pao, ndipo iye adziwa mankhwala oyenera. Za makapisozi ogula pa msika, angathe kuphwetsa tsaya masiku ocepa, koma safika m'kati mwa dzino lakufa popeza mulibenso magazi owatengera m'menemo, ndipo kutupa kumabweranso. Musaike aspirin pa nkhama, amaocha mnofu. Madzi a m'batire, petulo ndi parafini zisayandikire m'kamwa. Poyembekeza ulendo, imwani panado monga mwa muyeso wace ndi kucukuca madzi ofunda a mcere.

Ndatsala ndi mau kwa inu aphunzitsi. Mwana akafika zaka ngati 6 amamera mano anai akulu otafunira, awiri pansi awiri m'mwamba, kumbuyo kwa mano onse a ubwana. Pomera iwo palibe dzino limene limaguluka, cifukwa cace makolo ambiri amawayesa a ubwana, ndipo akabooka amati, Asiyeni, adzamera ena. Ena sadzamera. Manowa ali ndi timizere takuya pamwamba m'mene zakudya zimabisala, ndipo ali m'gulu la mano amene amayamba kuola. Mwana wa zaka 9 kapena 10 angataye dzino limene likadamtumikira zaka 60. Ngakhale mano a ubwana eni ace si otaya, pakuti amasungira malo a ukulu, ndipo otsiriza a iwo amaguluka mwana ali ndi zaka 10 kufikira 12.

Phunzitsani ana kutsuka mano kawiri pa tsiku, makamaka pogona, ndi mankhwala a fluoride ocepa ngati njere ya nsawawa, ndipo alabvule thobvu osacukuca ndi madzi, kuti mankhwalawo atsalire pa mano. Kumene mswaci wa m'sitolo wasowa, kamtengo kotafunidwa ku nsonga kamacotsa litsiro bwino, koma mcenga ndi makala zimapala cigoba. Ndipo kamodzi pa teremu imikani ana a Sitandade 1 ndi 2 pabwalo, ayang'ane ku dzuwa, ayasamule, inu muone mano anai a kumbuyo aja. Musasokonezeke ndi mawanga ofiirira pa mano ambiri a kutsogolo amene amaoneka m'madera ena, monga ku Nathenje; amenewo amadza ndi madzi a m'zitsime okhala ndi fluoride wocuruka, ndipo si mphako. Cimene mukufuna ndi ciboo cakuda kapena cofewa m'mene cakudya cakanirira. Mukacipeza, funsani mwanayo ngati dzinolo limamdzutsa usiku, ndipo lembani kalata kwa makolo ace tsiku lomwelo. M'kalatamo chulani kuti dzinolo ndi la ukulu, ndi kuti apite naye kucipatala sabata lomwelo pamodzi ndi buku lace la kucipatala.